Liwu limodzi la chaka chonse: kodi lingapose malonjezo a Nyuwere?

Usiku wa pa 31 Disembala mzinda wa Blantyre sugona. Ku Ndirande, Chilomoni, Bangwe ndi Zingwangwa matchalitchi amadzaza ndi mapemphero olowera chaka, amene ambiri amangoti crossover, pomwe m'malo omwera nyimbo zimalira mpaka mbandakucha. Nthawi ikangokwana 12 koloko makombola amaphulika, ndipo ambiri amakhala ndi malonjezo awo: kusiya mowa, kusunga ndalama, kufolera nyumba, kuchepetsa thupi. Koma pali ena amene anasiya kulemba mndandanda wotere. Iwo amasankha liwu limodzi loti liwatsogolere chaka chonse. Nawa mafunso amene anthu amafunsa za mchitidwewu, ndi mayankho ake.

Kodi liwu la chaka n'chiyani, ndipo likusiyana bwanji ndi lonjezo?

Lonjezo limatchula chinthu ndi tsiku lake: "Pofika Juni ndikhala nditasunga K500,000." Liwu la chaka silitchula kumene mudzafike, koma mayendedwe anu. Munthu amasankha, tinene, "bweza", "maliza" kapena "dekha", ndipo pakabwera chosankha amadzifunsa kuti liwulo likumuuza chiyani. Lonjezo limayesedwa kumapeto, mwakhoza kapena mwalephera. Liwu limagwira ntchito Lachiwiri masana, muli mumsika wa Limbe ndalama ili m'manja, mukulimbana ndi mtima ngati mugule nsapato ya pakaunjika imene yakukomerani kapena mukapereke kwa amene anakukongozani mwezi watha.

Chifukwa chosankhira limodzi, osati atatu kapena asanu, n'chakuti pa nthawi ya mayesero munthu sakhala ndi mpata wowerenga pepala. Komanso mawu akachuluka amayamba kutsutsana, ndipo mwini wake amathawira ku limene likumukomera tsikulo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Zimenezi zinachokera kuti?

M'maonekedwe ake a lero, mchitidwewu unatchuka ku America. Mu 2012 m'busa wa ku Wilmington m'chigawo cha North Carolina, Mike Ashcraft, analemba buku lotchedwa My One Word pamodzi ndi Rachel Olsen, ndipo cha panthawi yomweyo Jon Gordon, Dan Britton ndi Jimmy Page anatulutsa lawo, One Word That Will Change Your Life. Masamba a mchezo a pa intaneti ndiwo anaunyamula mpaka kufika m'mafoni athu.

Koma muzu wake ndi wakale. Mpingo wa Moravian ku Herrnhut, m'dziko la Germany, wakhala ukusindikiza kabuku ka mawu otsogolera tsiku lililonse kuyambira 1731, ndipo mipingo ya m'dzikolo yakhala ndi vesi limodzi la chaka chonse kuyambira m'zaka za m'ma 1930. John Wesley, amene anayambitsa mpingo wa Methodist, anachititsa mapemphero oyamba okonzanso pangano ndi Mulungu ku London mu 1755, ndipo patapita nthawi mapempherowo anakhazikika kumayambiriro kwa chaka.

Ku Japan kuli mwambo wofananirako koma woyang'ana m'mbuyo. Kuyambira 1995 anthu amavotera chilembo chimodzi chofotokoza chaka chimene chikutha, ndipo mu Disembala wansembe amachilemba pa kachisi wa Kiyomizu mumzinda wa Kyoto. Choyambacho chinali cha chivomerezi, pokumbukira chimene chinagwedeza mzinda wa Kobe chaka chomwecho. Kumeneko n'kutchula zimene zachitika kale. Zimene tikukamba pano n'zosankhiratu m'mene mudzachitire.

Ndiye kuti kwathu kuno n'zachilendo?

Ayi ndithu. Makolo athu ankamanga nyengo yonse m'dzina la mwana: wobadwa banja likudutsa m'zowawa ankatchedwa Mavuto kapena Pilirani, wodikiridwa zaka zambiri ankakhala Tadala kapena Tiyamike. Imani pa Mibawa kapena m'depoti ya Limbe muwerenge zolembedwa kumbuyo kwa maminibasi, muona kuti mwini galimoto aliyense ali ndi mawu amene anasankha kuyenda nawo. Mipingo yambiri, makamaka ya chipentekoste, imalengeza mutu wa chaka usiku wa crossover n'kuusindikiza pa zikwangwani ndi makalendala. Akatolika a ku Limbe Cathedral ndi maparishi ena anali ndi Chaka cha Chifundo mu 2016, ndi Chaka Choyera cha 2025 chimene mutu wake unali chiyembekezo, zonse ziwiri zolengezedwa ndi Papa Francis.

Ndipo amene anakula dziko lisanavomereze ndale za zipani zambiri pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 akukumbukira ngodya zinayi za Kamuzu Banda: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mawu abwino ndithu paokha. Koma akukumbukiranso m'mene "kumvera" kunkatsekera anthu pakamwa. Pamenepa pali phunziro: liwu likachokera kwa amene ali ndi mphamvu pa inu, limatha kukhala lokuopsezani nalo. Chatsopano m'mchitidwe umene tikukambawu n'chakuti munthu amadzisankhira yekha, ndipo woyamba kumvera ndi mwini wakeyo.

Kodi n'zoona kuti malonjezo a chaka chatsopano salimba?

Ambiri salimba, koma nkhaniyi imakokomezedwa. John Norcross wa pa yunivesite ya Scranton ku America anatsatira anthu 200 amene anapanga malonjezo otere m'zaka za m'ma 1980. Patatha sabata imodzi, anthu 77 mwa 100 alionse anali akusungabe malonjezo awo; patatha zaka ziwiri anatsala 19 okha. Koma kafukufuku wina wa Norcross yemweyo, wa mu 2002, anapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi anthu 46 mwa 100 amene analonjeza anali akupitirizabe, pomwe mwa amene ankafuna kusintha koma sanalonjeze kanthu, 4 okha ndiwo anasinthadi. Choncho kulonjeza si kwachabe.

Kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2020, wa anthu 1,066, anawonjezera mfundo ina yothandiza. Amene analonjeza kuyamba chinthu anapambana pafupifupi 59 mwa 100, pomwe amene analonjeza kusiya kapena kupewa chinthu anapambana 47 mwa 100. Kuyamba kumwa madzi pa chakudya n'kopepukirapo kuposa kungoti "sindimwanso zotsekemera". Chimene chimagwetsa ambiri si lonjezo, koma kuunjika: mowa, ngongole, thupi, sukulu, nyumba ndi ukwati zonse kuti zikonzeke m'mwezi umodzi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Nanga munthu wa mu Blantyre angasankhirenji liwu m'malo mwa lonjezo?

Choyamba ndi Januwale weniweniyo. Ambiri amalandira msanga malipiro a Disembala ndipo Khirisimasi imawadya. Masheya a banki m'khonde anagawidwa n'kutha. Teremu yachiwiri ikutsegulidwa, fizi ikufunika, eni nyumba akugogoda, kumudzi akuimba foni kuti feteleza wobereketsa sanathire, ndipo chimanga chakwera mtengo poti imeneyi ndi miyezi ya njala. Lonjezo losunga ndalama kuyambira pa 1 Januwale limabadwa m'mwezi wovuta koposa, ndipo likaphonyeka kamodzi mwini wake amaliyesa lakufa.

Chachiwiri n'chakuti mapulani a manambala kuno amagwetsedwa ndi zinthu zimene munthu sangaziletse. Tengani chaka cha 2023. Mu Januwale boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe chifukwa cha kolera. Mu Malichi namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nyumba za ku Chilobwe n'kukokoloka, anthu mazanamazana n'kufa m'chigawo chakumwera. Mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Munthu amene analemba kuti pofika Disembala adzakhala atagula malata okwanira nyumba yake ya ku Machinjiri, ngakhale anasunga mokhulupirika mwezi ndi mwezi, anapeza kuti ndalama yomweyo sikukwananso. Papepala analephera, chonsecho khalidwe lake linali lolondola. Amene anali ndi liwu loti "sunga" anali nalobe la ntchito m'mawa wotsatira: kusunga chimene chatsala, kapena kugula malata awiriawiri m'malo modikira kuti ndalama ikwane onse. Lonjezo la nambala limadalira mtengo wa dola. Liwu limadalira zochita zanu.

Liwu labwino ndingalipeze bwanji?

Yambani n'kuyang'ana chaka chimene chathachi, osati chimene mukulakalaka. Tsegulani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a miyezi itatu yapitayi muone kumene ndalama zinkapita. Kumbukirani mikangano imene inabwerezabwereza pakhomo kapena kuntchito. Kenaka funsani munthu wokudziwani bwino, kaya ndi akazi anu, amuna anu kapena mnzanu wa pageni, kuti n'chiyani chimene chimakugwetsani kawirikawiri. Yankho lake silikoma, koma nthawi zambiri liwu limatulukira pomwepo.

Mukapeza awiri kapena atatu, ayeseni motere. Poyamba, liwulo likhale la chinthu chimene mungachite inu, osati chimene mukuyembekeza kulandira. "Madalitso", "chuma" ndi "kutukuka" ndi zopempha zabwino, koma sizikuuzani chochita mukadzuka. "Bweza", "maliza", "funsa", "lemba" ndi "pezeka" zili m'manja mwanu.

Kachiwiri, likhale logwira mbali zingapo za moyo wanu. Kwa munthu amene amayamba zambiri osafika nazo kumapeto, "maliza" likhudza nyumba imene inaima pa mawindo zaka zitatu zapitazo, mayeso a MSCE amene wakhala akunena kuti adzalembanso, ngakhalenso mankhwala a kuchipatala amene amasiya kumwa akangopezako bwino.

Kachitatu, ndipo apa ndiye pagona nkhani, liwulo likulandeni kanthu. Dzifunseni kuti sabata ino likuletsani chiyani chimene mumakonda. "Bweza" likulandani Lachisanu la ku bala. "Pezeka" likulandani maola a pa Facebook ndi a mpira wa pakanema. "Funsa" likulandani kunyada. Walira mvula walira matope. Ngati simungatchule chimene liwulo lidzakulandeni, mwasankha mawu okongoletsera WhatsApp, osati okutsogolerani.

Abusa athu analengeza kale mutu wa chaka. Sindingangotenga womwewo?

Palibe choletsa, ndipo kwa wokhulupirira mutu wa mpingo ndi poyambira pabwino. Koma kumbukirani kuti mutuwo unasankhidwa kuti ukwanire anthu mazana: wa nyumba yake ku Namiwawa, wa lendi ku Mbayani, wophunzira wa ku MUBAS ndi wa kabaza wa ku Chirimba. Komanso mitu yotere kawirikawiri imanena zimene anthu akuyembekeza kwa Mulungu. Liwu lanu linene mbali yanu.

Tinene kuti mpingo walengeza chaka cha zokolola zochuluka. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Ndirande, amene amapikula m'mawa uliwonse koma sadziwa phindu lake poti ndalama ya geni ndi ya ndiwo zimakhala m'kansalu kamodzi, angasankhe "lemba": kulemba zolowa, zotuluka ndi za amene atenga pangongole, kuti aleke kudya mpamba. Mutu wa mpingo ndi liwu lake sizikutsutsana. Chimodzi chikumupatsa chiyembekezo, chinacho chikumupatsa kope ndi cholembera.

Koma liwu limodzi si losavuta kulizemba, poti silikutchula nambala kapena tsiku?

Chimenechi ndiye chofooka chake chenicheni. Edwin Locke ndi Gary Latham, akatswiri amene anafufuza za zolinga kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti cholinga chomveka bwino ndiponso chovutirapo chimabala zambiri kuposa kungouza munthu kuti ayesetse. Liwu lokhalokha likhoza kukhala ngati "yesetsa" yemweyo. Ngakhale dziko silinathere pa mawu: masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021 ndi mfundo ya dziko lodzidalira ndi lotukula onse, anafunikanso ndondomeko ya zaka khumi zoyambirira, ya 2021 mpaka 2030, yotchula zochita.

Mankhwala ake anawafotokoza Peter Gollwitzer, katswiri wa za maganizo, mu 1999: kumangirira cholinga ku nthawi ndi malo, m'njira yoti "zakuti zikachitika, ine ndichita chakuti". Pansi pa liwu lanu lembani ziganizo ziwiri kapena zitatu zotere. Wa "bweza" angalembe kuti malipiro akangolowa, asanatuluke mu ofesi, atumiza gawo la ngongole pafoni, kuyambira ya katapila poti ndiyo ya chiwongoladzanja chachikulu. Wa "yenda" angalembe kuti minibasi yochokera ku Limbe ikafika pa Ginnery Corner atsika n'kumalizitsa wapansi mpaka m'tauni, masiku atatu pa sabata. Wa "pezeka" angalembe kuti Loweruka masana foni ikhala m'thumba mpaka ataona makope a ana. Ubwino wake n'ngwakuti zinthu zikasintha, ziganizozo mumazisintha koma liwu limatsala.

Liikeninso pamalo pamene mayesero amakupezerani: m'chikwama cha ndalama, pa galasi la foni, mkati mwa chitseko cha okala.

Ndimafuna liwu loti "kana", chifukwa abale andichulukira. Kodi si kutaya umunthu?

Funso limeneli n'lolemera mumzinda umene malipiro a munthu mmodzi amadyetsa makomo atatu. Mwezi umodzi womwewo kumabwera komiti ya ukwati, chinkhoswe, fizi ya mwana wa achimwene ndi matenda a amalume. Amene sadziwa kukana amathera kwa katapila, ndipo mapeto ake sathandizanso aliyense. Komabe "kana" likhoza kuumitsa mtima mpaka munthu kuyamba kuthawa maliro, amene mawa adzamugwera iyenso.

Mwina liwu loyenera ndi "patula": mwezi uliwonse kupatula gawo la abale, kulipereka ndi mtima wonse, ndipo likatha kunena zoona kuti latha. Kutero kumasunga ubale kuposa kuvomera zonse kenaka n'kumazimitsa foni.

Pabanja, musasankhire mnzanu liwu. Mwamuna amene wauza mkazi wake kuti "chaka chino liwu lako ndi kumvera" wabweza ngodya zija m'nyumba. Banja likhoza kugwirizana liwu limodzi la onse, aliyense n'kunena chimene iye mwini adzasiye. Ndipo n'kwabwino kuuzako munthu mmodzi kapena awiri, kaya a m'gulu la chipereganyu, a kumphakati kapena a kumzikiti, oti angathe kukufunsani mopanda mantha.

Ndi zinthu ziti zimene liwu silingathe?

Silitsitsa mtengo wa chimanga, silifupikitsa mzere wa mafuta, sililemba munthu ntchito. Wachinyamata wa digiri amene wazungulira maofesi a mu Victoria Avenue chaka chonse osapeza kanthu asadziimbe mlandu woti anasankha liwu lolakwika.

Silichiritsanso matenda. Wa kuthamanga kwa magazi kapena shuga afunika kukapimitsa kuchipatala cha Limbe, Zingwangwa, Ndirande kapena chilichonse chapafupi, ndi kumwa mankhwala. Munthu amene wamwa mowa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali akhoza kunjenjemera, kusokonezeka mutu ngakhale kukomoka akasiya mwadzidzidzi, choncho ayambe waonana ndi achipatala. Amene kubetcha kwamulanda lendi ndi fizi, kapena amene mtima wake walefuka mpaka kuganiza zodzipha, afunika anthu omuthandiza lero, osati liwu la papepala.

Ndipo pali liwu limodzi lofunika kusamala nalo: "pirira". Kupirira pa sukulu kapena pa geni yongoyamba n'kwabwino. Koma mayi kapena bambo amene akumenyedwa m'banja asalisankhe. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006, kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo pachipatala cha Queen Elizabeth, chimene ambiri timangoti ku Gulupu, pali malo a Chikwanekwane othandizira amayi ndi ana ochitiridwa nkhanza.

Januwale wadutsa ndisanasankhe. Ndachedwa?

Simunachedwe. Mu 2014 Hengchen Dai, Katherine Milkman ndi Jason Riis anaonetsa kuti anthu amakhala ndi changu choyamba zatsopano osati pa Nyuwere pokha, komanso kumayambiriro kwa sabata, kwa mwezi, kwa teremu ndi tsiku lobadwa likangodutsa. Kuno tili ndi zaka zambiri m'chaka chimodzi. Cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, cha sukulu mu Sepitembala, cha mlimi ndi mvula yoyamba, cha Asilamu ndi mwezi wa Muharram. Ena amayambira pa Lenti kapena pa Ramadan. Kwa liwu lokhudza ndalama, Epulo kapena Meyi, chimanga chatsopano chitalowa mumsika, ndi nthawi yopepuka kuposa Januwale.

Ndidzadziwa bwanji kuti liwulo likugwira ntchito?

Musadikire Disembala. Sankhani tsiku limodzi pamwezi, kaya lolandira malipiro kapena Lamulungu loyamba, ndipo mudzifunse funso limodzi: mwezi uno ndi liti pamene ndinachita zosiyana ndi chizolowezi changa chifukwa cha liwuli? Yankho likhale la tsiku ndi malo. "Pa 27 ndinadutsa pa bala osalowa, ndalamayo n'kugulira mayunitsi a magetsi" ndi yankho. "Ndikumva kuti ndasintha" si yankho.

Musataye mtima msanga. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsatira anthu 96 ndipo mu 2009 analengeza kuti chizolowezi chatsopano chinkatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ena 18 okha, ena mpaka 254, ndiponso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga ntchito yonse. Kugwa mu Febuluwale si chifukwa chodikirira Nyuwere ina.

Koma ikadutsa miyezi iwiri kapena itatu musakupeza yankho ngakhale limodzi, ndiye kuti liwulo silikukulandani kanthu. Lisintheni, kapena sinthani ziganizo za pansi pake. Ndipo Disembala akafika ngongole isanathe kapena nyumba isanafoleredwe, koma ngongoleyo yatsika ndipo khoma lakwera, palibe lamulo loletsa kutenganso liwu lomwelo chaka chachiwiri.